Malikisi Anga Ndinawapezera M'bwalo la Chimtali

Amayi, kodi kumene muliko mwadzuka bwanji?

Ife kuno tadzuka. Kuzizira sikunatheretu, ndipo nkhungu ikumatsikabe m'phiri m'mawa, n'kudzakhala pabwalo ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Koma mapichesi anu achita maluwa. Mtengo wa kuseri kwa khitchini uja, womwe Atate ankafuna kudula inu n'kuwaletsa, ndiwo wachita maluwa kuposa yonse, moti nkhungu ikamachoka umaoneka ngati ukufuka utsi wofiirira. Ndikulemba ndili pakhonde, pamalo panu posendera nsawawa. Atate apita kudimba, mchemwali wanga Agnesi akugoneka mwana m'nyumba. Ndati nditenge mpata umenewu ndikuuzeni za kuno, chifukwa zachuluka, ndipo zina ndikanakonda mukanaziona ndi maso anu.

Ndiyambe ndi mwanayo, poti ndikudziwa kuti ndi zimene mukanayamba kufunsa. Agnesi anachira bwino kuchipatala cha ku mishoni, mwana wamkazi, wonenepa, wa mawu aakulu ngati wabadwa kale. Tinamutcha Marita, dzina lanu. Vuto ndi Atate, dzinalo silituluka pakamwa pawo. Zaka zonse zija sanakutchulenipo dzina, ndiye lero ayambire pa khanda? Amangoti, "Kodi eni nyumba adzuka?" Akamunyamula amamugwira ngati dzira, maso ali kumbali. Makutu ndi anu, Amayi, ang'onoang'ono aja ogonera kumutu.

Chimanga cha munda wa kumtunda sichinachite bwino chifukwa mvula inadula msanga, koma nkhokwe yafika pakati ndipo sitigona ndi njala. Kachewere ndiye anabereka ngati akupepesa. Atate anayenda naye pa ngolo maulendo ambirimbiri kupita kumsewu waukulu, mpaka gudumu lina linayamba kulira, ndipo likulirabe, moti akamabwera timawamvera patali. Mbuzi yanu yamawangamawanga ija inalowanso m'kabichi wa eni ake, tinapepesa ndi nkhuku. Kolona yamadzulo timachitabe, kungoti popanda inu wowagwedeza, Atate amasinza tisanafike pakati, ife n'kumalizitsa monong'ona.

Tsono za ine. Pamene munkatisiya n'kuti ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, ndikuphunzira zachuma ndi malonda. Munkandiseka inu: "Fele, ndalama zake ziti zomwe ukuphunzira kusamala, pomwe m'nyumba muno mulibe ndi tambala yomwe?" Chaka chachitatu ndamaliza. Koma lamulo lake n'lakuti munthu asanalowe chaka chomaliza, akagwire kaye ntchito miyezi itatu mu ofesi ya zachuma. Amati atachimenti. Si ntchito ya malipiro ayi, ndi phunziro ngati maphunziro ena onse, kungoti kalasi yake ndi ofesi. Bwana wa pamalopo amalemba mmene wagwirira ntchito, ndipo mphunzitsi amachokera ku Blantyre tsiku limodzi lokha, kudzakupeza pa tebulo lako n'kukufunsa mafunso. Malikisi akaperewera, anzako amapitirira iwe n'kutsala, ndipo wotsala kawirikawiri malo ake amapatsidwa wina.

Anzanga ankalimbirana mabanki a m'tauni, kumene kuli makapeti ndi tiyi wa mkaka. Ine ndinapempha Dedza. Mkulu wa phunziro lathu anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati ndapempha kukaphunzira kumwezi. Ndinawauza za Atate amene anatsala okha, ndi za Agnesi amene anali woyembekezera. Sindinawauze kuti ndinkafunanso kukhala pafupi ndi inu, poti zoterezi sizinenedwa mu ofesi.

Ananditumiza ku kampani ina yocheka matabwa a paini, m'munsi mwa phiri. Pakati pa sabata ndimagona ku Boma kwa mayi wina wa kutchalitchi, Loweruka ndimapalasa njinga ya Atate kubwera kuno ku Bembeke. Ofesiyo ndi kachipinda kamodzi ka matabwa, konunkhira utomoni m'mawa ndi madzulo. Utuchi umalowera pazenera n'kumagwera pamabuku ngati ufa, ndipo dzuwa likalowa umauona ukuyandama pang'onopang'ono, osafulumira kutera. Masiku oyamba ndinkangouyang'ana, cholembera chili m'manja, mtima uli kutali.

Bwana wanga ndi a Chimwaza, akawuntanti wamkulu, bambo wa imvi wolankhula motsitsa, amene savula juzi yomwe anawalukira akazi awo. Tsiku loyamba sanandipatse buku lililonse. Anati, "Vala nsapato zolimba, tikwere." Tinakwera m'phiri mpaka pamalo pomwe anabzala timitengo tatsopano, tofika m'mawondo, tikunjenjemera ndi mphepo. Nkhungu inali pansi pathu, Boma lonse litabisika, kumangomveka belu la njinga ndi tambala wina kutali. Anati, "Iyi idzadulidwa iwe uli ndi zidzukulu, ine ndili kuli chete. Koma ndalama yoisamalira ikutuluka lero. Ntchito yathu ndi kukumbukira mitengo imeneyi m'malo mwa anthu amene sanabadwe." Amayi, ndinaima pamenepo ndikuona mayi wina wa imvi akuyenda m'nkhalango yaitali atagwira kamwana padzanja, ndipo ndinachedwa kuzindikira kuti mayiyo ndine.

Kuyambira pamenepo ntchito ndinaikonda. Ndinaphunzira kukonza malipiro a anyamata ocheka, kulinganiza mabuku athu ndi a kubanki, ndi kupukusa makina owonkhetsera omwe amalira ngati chigayo chaching'ono. A Chimwaza anandipatsa mbali ina ya bajeti ya chaka chamawa kuti ndiikonze ndekha, kuti mphunzitsi akadzabwera ndidzakhale ndi choonetsa. Kenaka foni inalira kuchokera ku Blantyre kuti mphunzitsi wanga, a Kalua, afika Lachinayi la sabata yotsatira pa basi ya m'mawa, n'kubwerera pa ya masana.

Sabata yomweyo mu ofesi munalowa a Nankhoma, apampando a amayi a chipani ku Boma. Ndi mayi wamtali, wa nkhope yosaseka, womanga duku mokhwimitsa. Sanagogode. Anati kukubwera msonkhano waukulu, mwini dziko adzakhalapo, ndipo mayi aliyense wa m'maofesi ndi mumsika azipita kubwalo masana kukakonzekera magule. A Chimwaza anaimirira n'kunena mwaulemu kuti ine ndine mwana wa sukulu. A Nankhoma anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Wa sukulu si mkazi?"

Inu mukudziwa mmene dziko lathu lilili, sindikusowa kukulemberani. Ndinangomva mawu anu m'khutu, aja munkandiuza pondiperekeza ku basi: "Ukayenda siya phazi, mwana wanga, usasiye mlomo." Ndinamanga chitenje n'kupita.

Musaseke, Amayi. Ndikudziwa mukuseka. Inu amene bwalo la chimtali linkakutsegukirani lokha mukangoimirira, munabala mwana wosadziwa kuponya phazi. Munkati, "Uyu Mulungu anamuika miyendo m'mutu." Masiku oyamba ndinkaponda anzanga, ena akatembenukira kumanja ine kumanzere, ndipo amayi ogulitsa tomato mumsika ankandikankha mondiseka kuti ndibwerere mumzere. Fumbi linkalowa m'maso, mphepo ikubaya m'makutu, ine mtima uli pa bajeti yanga yosatha.

Koma tsiku lina masana, ndili wotopa moti ndinaleka kuganiza, china chake chinachitika. Dzuwa linali litapendeka, fumbi lasanduka lagolide, mabulugamu a m'mbali mwa bwalo akuwerama onse mbali imodzi. Ng'oma inaleka kumveka m'makutu, inayamba kumveka m'chiuno. Ndinangoona phewa langa lamanzere likutsika lokha ndisanatembenuke, monga munkachitira inu, katsike kaja komwe kankachititsa amayi anzanu kuimba nthungululu. Palibe anandiphunzitsa. Zinali ngati mwaima kumbuyo kwanga, manja anu ali paphewa panga, fungo lanu la utsi ndi sopo lili pafupi. Ndinavina misozi ikutsika, anthu n'kumayesa ndi fumbi. Nditakweza maso ndinaona a Nankhoma akundiyang'anitsitsa, ndipo ndinachita mantha kuti mwina ndalakwitsanso.

Lachitatu analengeza kuti mawa lake tidzayamba m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo wojomba adzafotokoza kwa akuluakulu. Ndinathamangira kwa a Chimwaza. Anatseka chitseko asanalankhule.

"Mwana wanga, sindingakuuze kuti usapite. Nanenso ndili ndi ana."

"Nanga a Kalua akandipeza kulibe? Sabweranso kawiri."

Anasisita juzi yawo. Kenaka anati, "Ndikawalandira ndekha ku depoti. Zotsalazo tikaonera komweko."

Ndinaganiza zokapempha kwa a Nankhoma, koma ndinali nditamva kale mmene ankayankhidwira opempha: kodi mabuku ako ndi aakulu kuposa mwini dziko? Funso lotero lilibe yankho labwino. Ndinaona zaka zitatu zanga, ndi mbuzi zomwe munagulitsa, ndi nsawawa zonse zomwe munasenda pakhonde lino, zikusungunuka ngati nkhungu ya m'mawa.

Lachinayi kunacha ndi nkhungu yambiri moti tinkavina osaona mbali ina ya bwalo. Anzanga ankatuluka mu utsi woyerawo n'kulowanso ngati anthu a m'maloto. Dzuwa litakwera, nkhungu ikung'ambika, ndinaona amuna awiri ataima pansi pa bulugamu. Wina wa juzi, wina wa jekete ndi tayi, chikwama chili kukhwapa, akunjenjemera ndi kuzizira kwathu komwe sanakuzolowere.

A Nankhoma anakweza dzanja, ng'oma zinaleka. Bwalo lonse linangoti zii.

"Abambo inu mukufuna chiyani pa gule wa amayi?"

A Chimwaza anafotokoza kuti awa ndi aphunzitsi a ku yunivesite, abwera kudzayesa mtsikana uja mayeso.

"Ndiye mwabwera kudzamuchotsa pa ntchito ya dziko?"

A Kalua ndi munthu wolankhula kwambiri m'kalasi, koma apa anasankha mawu ngati akusankha mpunga. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Ayi, mayi. Ntchito ya dziko sitingaidule. Tabwera kudzadikira. Mukamupatsa mpata wopuma, tidzapempha kamphindi."

A Nankhoma anatsitsa dzanja, ng'oma zinayambiranso. Ndipo amuna aja anadikira, Amayi. Anaima pamphepo, fumbi likuwayeretsa nsapato. Ndinamva basi ya masana ikuliza hutala ku depoti, ndinaona a Kalua akutembenuza mutu kuimvera ikupita, koma sanasunthe.

Nthawi yopuma itakwana, ndinayamba kuyenda kupita kwa iwo, koma a Nankhoma anandigwira mkono.

"Zobisa ayi. Mufunseni pompano, nafenso timve zomwe amaphunzira kumeneko."

Amayi onse anakhala pansi mozungulira, ena akuyamwitsa, ena akutafuna chimanga chokazinga. Ine ndinaima pakati, thukuta lili chuchuchu, mapazi oyera ndi fumbi, wopanda buku ngakhale pepala. A Kalua anatsegula chikwama. Anafunsa m'Chingerezi, ine ndinayamba kuyankha m'Chingerezi, mawu akutuluka ang'onoang'ono.

"Chichewa!" anatero a Nankhoma. "Kapena mukutinena?"

A Kalua anabwereza funso m'Chichewa. Anati, kampani yagula makina atsopano ochekera matabwa. Chaka chatha, makinawo akugwira ntchito bwinobwino, sanathyoke paliponse. N'chifukwa chiyani m'mabuku timalemba kuti mtengo wake watsika, n'kuchotsako ndalama pa phindu?

Yankho ndinkalidziwa, koma ndinkalidziwa m'chilankhulo cha m'buku. M'Chichewa ndinalibe ndi liwu limodzi lomwe. Maso onse anali pa ine. Kenaka, kutali kumsewu, kunadutsa ngolo ya munthu wina, ndipo ndinakumbukira gudumu la Atate.

Ndinati, "Atate anga ali ndi ngolo. Ngolo siifa tsiku limene yathyoka. Imafa pang'onopang'ono, ulendo uliwonse wopita kumsewu ndi kachewere. Munthu akagulitsa kachewere n'kunena kuti ndalama yonseyi ndi phindu, akudzinamiza, chifukwa ina mwa iyo ndi ngolo yake yomwe yatsalira m'njira. Ndiye chaka chilichonse timalemba kagawo ka ngolo komwe kadyeka, kuti tsiku lodzathyoka lisadzatipeze tikuti tinali olemera."

Kenaka mayi wina wogulitsa tomato anafuula kuchokera kumbuyo, "Aphunzitsi, nanga amuna athuwa tiziwalembanso choncho? Wanga anayamba kalekale kudyeka!"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. A Chimwaza anabisa nkhope m'juzi. A Kalua anaseka mpaka chipewa chinagwa, ndipo ngakhale a Nankhoma anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Mantha anandichoka ngati wina wanditula mtolo. Mafunso ena anabwera, a ngongole ya kubanki ndi chiwongoladzanja chake, a bajeti yanga, a mitengo ija yodzadulidwa ndi zidzukulu. Ndinayankha onse, mwina mopunthwa, amayi akulowererapo, ena kutsutsa, ena kuvomereza, ngati tili pamtondo. Potsiriza a Kalua anatseka chikwama. Sanandiuze kanthu za malikisi, poti sizololedwa. Anangoti, "Mawa m'mawa ndidzaona mabuku anu ndisanakwere basi." Anagona kwa a Chimwaza.

Amuna atachoka, a Nankhoma anandiitanira pambali, kuseri kwa ng'oma. Ndinagwada. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo nkhope ija inali itasintha, ngati duku lamasuka.

"Phewa limenelo ndikulidziwa. Ndiwe wa Marita wa ku Bembeke."

Ndinavomera. Anati munakulira limodzi, munkatunga madzi pachitsime chimodzi, ndipo maliro anu anawamva mochedwa. Kenaka anandiuza chinthu chomwe inu simunandiuzepo. Anati munkakhoza kwambiri masamu kusukulu ya asisitere, ndipo tsiku lomwe agogo anakuchotsani kuti muzilera ang'ono anu, munakabisala m'munda wa chimanga n'kulira mpaka madzulo, sileti mutaikumbatira. N'zoona, Amayi? Inu amene munkandiseka za ndalama zomwe tilibe? Inu amene munkawerengera mazira ndi matumba pamtima, wogula asanatulutse pensulo? Ine ndinkayesa mwana aliyense amayi ake amatero.

"Mawa ubwerere ku ofesi," anatero a Nankhoma. "Pano usaonekenso. Akafunsa, ndiyankha ndine."

Ndinawathokoza, koma anali atatembenuka kale, akukalipira oimba ng'oma kuti apuma mokwanira.

A Kalua anaona mabuku anga m'mawa mwake, anapeza pomwe ndinasokoneza mitengo ya dizilo, anandilangiza, n'kupita. Sabata yatha a Chimwaza anandiitana, nandiwerengera zomwe alemba za ine, monga mwa lamulo, kenaka anandiuza kuti foni yabwera kuchokera ku Blantyre. Ndakhoza, Amayi. Ndakhoza bwino. Chaka chomaliza ndikulowa. Atate nditawauza anangopita kukhola n'kukagwira tambala wamkulu uja.

Koma ndikuuzeni chomwe sindinauze wina aliyense, poti aliyense angandiyese wamisala. Nditabwerera pa tebulo langa, pomwe ndinkalakalaka masiku onse aja, masana ng'oma zinayamba kumveka kuchokera kubwalo, mphepo ikuzibweretsa n'kuzibwezanso. Utuchi unkayandama padzuwa monga kale, manambala ali patsogolo panga, zonse zili m'malo mwake. Ine mtima unangoti zii, ngati mwana amene amusiya pakhomo anzake akupita kumtsinje. Bwalo lija ndinapitako mokakamizidwa, nyimbo zake sizinali za ife, ndipo sindikufuna kuti mwana wa munthu adzaimenso pomwe ndinaima ine, sukulu yake ili m'manja mwa dzanja lokwezedwa. Koma n'kumeneko komwe ndinakupezani. Kumanda ndimapita Lamulungu lililonse, ndimazula udzu, ndimalankhula, koma kumakhala chete. M'fumbi muja munandigwira paphewa.

A Chimwaza anakweza mutu n'kunena kuti, "Felesita, tebulo likugwedezeka." Ndinayang'ana pansi. Linali phazi langa.

Mwana wadzuka, ndikumumva akulira, ndipo Agnesi akundiitana kuti ndikamugwirire atereke madzi. Ndilekeze pano. Atate anena kuti chaka chamawa tikakolola tidzakumangirani chiliza, abale onse adzabwera, a ku Chimbiya ndi a kutsidya kwa malire omwe. Pofika nthawi imeneyo ndidzakhala nditamaliza. Ndikukulonjezani, Amayi, kuti sukuluyi ndidzaimaliza, yanga ndi yanu yomwe. Ndipo tsiku limenelo, mapemphero akadzatha, ng'oma ikadzangolira, palibe adzandikoke dzanja. Ndidzalowa m'bwalo ndekha, woyamba, ndipo mudzaone ngati miyendo ikadali m'mutu.

Gonani bwino. Timakukondani tonse, ndipo ine ndimakusowani tsiku ndi tsiku.

Ndine mwana wanu,
Felesita